Momwe Makina a CNC Amawerengera ndi Kulemba Mafayilo: Zoti Amisiri a kwa Mwambo Adziwe

Kwa Mwambo, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ntchito ya mmisiri sisowa. Ku doko la Kachulu kumafunika maboti a matabwa onyamula anthu ndi katundu wopita ku chilumba cha Chisi. Pa Jali pamafunika zitseko, mafelemu a mawindo ndi madesiki a ana asukulu. Alimi a mpunga a ku sikimu ya Likangala amadalira zigayo, ndipo zitsulo za zigayozo zikaperepeseka pamafunika zina. Yambiri mwa ntchito imeneyi imagwiridwa ndi tepi, macheka, landa ndi diso la munthu amene anaizolowera.

Koma mnyamata kapena mtsikana wa kwa Mwambo akapita kukaphunzira za uinjiniya ku Blantyre, kapena akapeza ntchito m'fakitale ya mipando ku Johannesburg, amakumana ndi makina amene amadula matabwa ndi zitsulo potsatira zolembedwa m'kompyuta. Ambiri amaima n'kumayang'ana mpeni ukuthamanga wokha. Chimene ndikufuna tiyang'ane ife ndi fayilo, chifukwa luso la ntchitoyo limasungidwa m'menemo, ndipo amene amadziwa kuiwerenga ndi kuilemba ndiye akuyendetsadi makinawo.

Makina a CNC ndi otani?

CNC ndi chidule cha computer numerical control. Awa ndi makina amene kompyuta imawayendetsa pogwiritsa ntchito manambala. Alipo osema zitsulo, ozungulitsa chitsulo n'kumachipala, odula matabwa, odula malata ndi moto wa plasma, ndi ena odula ndi kuwala kwa laser. Ambiri mwa iwo amafanana pa chinthu chimodzi: mpeni umayenda mbali zitatu zotchedwa X, Y ndi Z. X ndi kumanja ndi kumanzere, Y ndi kutsogolo ndi kumbuyo, Z ndi m'mwamba ndi pansi.

Nzeru imeneyi inayambira ku America. John T. Parsons, amene ankapanga mapiko a helikoputala ku Traverse City m'chigawo cha Michigan, anayamba kugwiritsa ntchito manambala owerengetsedwa ndi makina poumba mapikowo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. M'chaka cha 1952 akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology anaonetsa makina osema chitsulo amene ankawerenga malamulo ake pa tepi yobooledwa timabowo. Tepi ija ndiyo inali fayilo ya nthawi imeneyo. Makinawo ankangoiwerenga, osalembamo kanthu. Lero tepi inalowedwa m'malo ndi memori, fulashi ndi netiweki, ndipo makina akutha kuyankha polemba zimene apeza.

Pulogalamu imaoneka bwanji?

Chilankhulo chimene makina ambiri amamva chimatchedwa G-code, ndipo malamulo ake akuluakulu analembedwa mu muyezo wa padziko lonse wa ISO 6983. Pulogalamu yake ndi fayilo ya malemba wamba, yomwe mungathe kuitsegula ngakhale ndi Notepad. Nayi pulogalamu yaifupi yodula kanjira pa thabwa:

G21
G90
M03 S12000
G00 X0.0 Y0.0 Z5.0
G01 Z-3.0 F300
G01 X450.0 F1200
G00 Z5.0
M05
M30

G21 ikuuza makina kuti manambala onse ali m'mamilimita. G90 ikuti muyezo uliwonse uyambire pa malo amodzi amene mmisiri anasankha, kawirikawiri pa ngodya ya thabwa. M03 S12000 ikuyatsa mpeni kuti uzungulire maulendo 12,000 pa mphindi. G00 ikuthamangitsa mpeni m'malere kuti ukaime mamilimita 5 pamwamba pa ngodya ija. G01 yoyamba ikuulowetsa m'thabwa mamilimita 3, yachiwiri ikuuyendetsa ukudula mamilimita 450 pa liwiro la mamilimita 1,200 pa mphindi. Kenako mpeni ukukwera, M05 ikuuzimitsa, M30 ikutseka ntchito.

Pulogalamu yotere imadziwa chinthu chimodzi chokha. Mukafuna kanjira ka mamilimita 500, muyenera kuitsegula ndi kusintha nambala. Ntchito ikachuluka, kusinthasinthako ndi kumene kumabweretsa zolakwika.

Pulogalamu payokha, deta payokha

Njira yabwino ndiyo kulekanitsa zinthu ziwiri. Pulogalamu isunge kagwiridwe ka ntchito: kuyambira pati, kulowa mozama bwanji pa ulendo uliwonse, kutuluka bwanji. Fayilo ya deta isunge manambala amene amasintha: utali, m'lifupi, chiwerengero cha zidutswa, kutalika kwa mpeni uliwonse.

Aliyense amene anapitako ku chipatala cha Pirimiti amalidziwa buku la kuchipatala. Dokotala asanapereke mankhwala amayamba wawerenga zimene anzake analemba kale, ndipo akamaliza amalembamo zake kuti wodzabwera pambuyo asayambirenso pachiyambi. Maphunziro a udokotala ali m'mutu mwake, koma mbiri ya wodwalayo ili m'bukumo. Fayilo ya deta imagwira ntchito ya buku lija pa makina a CNC.

Kuti zimenezi zitheke, pulogalamu imakhala ndi malo osungira manambala otchedwa ma variable. Pa makina a Fanuc, kampani ya ku Japan imene makompyuta ake amayendetsa makina ambiri padziko lapansi, malowa amalembedwa ndi chizindikiro cha # kutsogolo. M'malo molemba X450.0, mmisiri amalemba X#101, ndipo makina amapita kukaona nambala imene ili mu #101 panthawiyo. Funso lotsala ndi lakuti nambalayo ilowamo bwanji.

Kuwerenga: pulogalamu imodzi, nthiti zonse za boti

Tiyerekeze mmisiri wa maboti wa ku Kachulu. Boti lake lili ndi nthiti, mitengo ya m'kati imene matabwa a m'mbali amakhomedwapo. Nthiti zapakati n'zotakata, zakutsogolo n'zopapatiza, ndipo iliyonse imapindika mwa njira yake. Miyezo imeneyi sanaitole m'buku. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ili ndi matope ndi mabango, ndiye boti lolowa kwambiri m'madzi limatitimira m'thope. Mmisiriyo anaphunzira izi pogwira ntchito zaka zambiri.

Miyezoyo italembedwa m'fayilo, mzere uliwonse ukhoza kukhala nthiti imodzi:

1, 620.0, 380.0
2, 910.0, 395.0
3, 1150.0, 410.0

Nambala yoyamba ndi ya nthiti, yachiwiri ndi m'lifupi, yachitatu ndi msinkhu. Pulogalamu imawerenga mzere woyamba, kuika manambalawo m'malo ake, kudula, kenako n'kupita pa mzere wachiwiri mpaka fayilo itatha. Kasitomala wina akafuna boti lokulirapo, pulogalamu siikhudzidwa. Mumangopereka fayilo ina.

Makampani amachita zimenezi mosiyanasiyana. Makina a Siemens Sinumerik ali ndi lamulo lakuti READ lowerengera mizere ya fayilo, ndi lakuti ISFILE loonera kaye ngati fayiloyo ilipo. A Heidenhain amasunga deta m'matebulo: FN 26 imatsegula tebulo, FN 28 imawerengamo, FN 27 imalembamo. A Fanuc ambiri alibe lamulo lowerengera fayilo ya malemba wamba, choncho amisiri amailemba fayilo ya deta ngati kapulogalamu kakang'ono kokhala ndi mizere monga #101=620.0 ndi #102=380.0. Pulogalamu yaikulu imakaitana ndi M98, kapena ndi M198 ngati kali pa memori kadi. Lamulo la G10 nalo limalowetsa manambala mwachindunji m'tebulo la mipeni kapena la malo oyambira ntchito.

Makina aang'ono otchipa amene amayendera pulogalamu ya Grbl pa kabodi ka Arduino Uno sasunga mafayilo konse. Kompyuta yolumikizidwa nawo ndiyo imawerenga fayilo ndi kumawatumizira mzere umodziumodzi kudzera pa waya wa USB. Pamenepo ntchito yosakaniza deta ndi pulogalamu imachitikira pa kompyutapo kudula kusanayambe.

Kulemba: makina akapereka lipoti

Mbali yachiwiri ndiyo imene ambiri amainyalanyaza. Makina amatha kulemba fayilo yosonyeza zimene achita: chidutswa chachingati, chatha nthawi yanji, chadulidwa ndi mpeni uti, ndipo muyezo wake watuluka wotani.

Pa Fanuc pali malamulo atatu amene amayendera limodzi. POPEN imatsegula njira yotulutsira deta, DPRNT imalemba mzere wa mawu ndi manambala, PCLOS imatseka. Kale mizere imeneyi inkadutsa pa waya wa RS-232 kupita ku pulinta kapena kompyuta, koma makina atsopano amatha kuilemba pa memori kadi kapena pa fulashi. Makina a Haas nawonso amagwiritsa ntchito DPRNT. Pa Siemens lamulo lake ndi WRITE, lomwe limawonjezera mzere kumapeto kwa fayilo, ndipo limabweza nambala yonena ngati kulembako kwatheka kapena kwakanika. Pa Heidenhain ndi FN 16. Mu LinuxCNC, pulogalamu yaulere imene imasandutsa kompyuta wamba kukhala yoyendetsa makina, muli LOGOPEN, LOG ndi LOGCLOSE. Mmenemo muyenera kusamala: LOGOPEN imafufuta zimene zinali m'fayilo ndi kuyamba mwatsopano, pamene LOGAPPEND imapitiriza pomwe munalekezera. Kusokoneza awiriwa kumataya zolemba za sabata yathunthu pa kamphindi kamodzi.

Phindu lake limaoneka pa oda yaikulu. Tinene kuti shopu yapatsidwa ntchito yopanga madesiki a sukulu ya pulayimale. Lipoti la makina likusonyeza mphindi zimene desiki imodzi imatenga, ndiye mtengo umene mwini shopu atchule kwa kasitomala wotsatira sukhalanso wongoganizira. Likusonyezanso kuti mpeni wadula mamita angati chiikireni, ndiye amausintha usanayambe kupsereza matabwa. Komiti ya sukulu ikadandaula kuti madesiki ena akugwedera, amatsegula fayilo ndi kuona tsiku limene anadulidwa ndiponso mpeni umene unagwira ntchito tsikulo.

Thabwa lopindika

Apa ndi pamene kuwerenga ndi kulemba kumakumana. Matabwa amene amisiri athu amagula, kaya ndi a paini wa m'phiri la Zomba kapena a bulugamu wocheka pamanja, sakhala osalala ngati a m'fakitale. Thabwa limodzi limatha kukwera pakati ndi kutsika kumapeto, makamaka likakhala losauma bwino. Mukauza makina kuti alowe mamilimita 3 paliponse, pamalo okwera alowa mopitirira, pamalo otsika angokanda pamwamba.

Mankhwala ake ndi kachipangizo kokhudza kotchedwa probe. Makina amakatsitsa pang'onopang'ono mpaka kakhudza thabwa, ndipo pompo amaima ndi kusunga nambala ya malowo. Pa Fanuc lamulo lake ndi G31, mu LinuxCNC ndi G38.2, ndipo pa onse awiri zotsatira zimasungidwa kuyambira pa #5061 kupita mtsogolo. Makina akhudza pa ngodya, asuntha mamilimita 100, akhudzanso, mpaka thabwa lonse atalizungulira, uku akulemba nambala iliyonse m'fayilo. Pomaliza pamakhala mapu a mapiri ndi zigwa za thabwalo. Pulogalamu yodula imagwiritsa ntchito mapuwo pokweza ndi kutsitsa mpeni, kuti kanjira kakhale kozama mofanana kuyambira kuno mpaka uko.

Njira yomweyi ingathandize pa chitsulo chakale cha chigayo chimene pepala la miyezo yake linasowa kalekale. Chikayezedwa kamodzi ndi kulembedwa m'fayilo, chikhoza kupangidwanso nthawi ina iliyonse.

Magetsi akathima pakati pa ntchito

Nkhani imeneyi kwa ife si yongomva. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Amene akuganiza zoyendetsa makina a CNC m'Malawi muno ayenera kulemba mapulogalamu ake akudziwa kuti magetsi atha kuchoka mpeni uli m'kati mwa thabwa.

Choyamba, adziwe manambala amene amapulumuka. Pa Fanuc, ma variable a #100 mpaka #199 amafufutika makina akazima, pamene a #500 mpaka #999 amatsala. Chiwerengero cha zidutswa zimene zatha chisungidwe m'gulu lachiwirili. LinuxCNC ili ndi fayilo yake yosungira manambala otere, imene imawerengedwa poyatsa makina.

Chachiwiri, asadikire kuti ntchito yonse ithe kuti atseke fayilo ya lipoti. Makompyuta ambiri amayamba asunga zolembedwa m'memori ndi kuzitsitsira m'fayilo pambuyo pake, ndiye magetsi akachoka fayilo ili yotsegula, mizere yomaliza imatayika ndipo nthawi zina fayilo yonse imawonongeka. Chidutswa chilichonse chikatha, atsegule, alembe, atseke.

Chachitatu, magetsi akabwera asathamangire kudina batani loyambira. Makina ayenera kubwerera kaye pa malo ake oyambira kuti adziwenso pamene ali. Kenako mmisiri awerenge mzere womaliza wa lipoti, akweze mpeni, auyatse, ndipo ayambire pa chiyambi cha chidutswa chimene chinadukizidwa. Kuyambira pakati pa mzere mpeni uli wosazungulira kumathyola mpeniwo, ndipo mpeni wina uyenera kuchokera ku Blantyre kapena kunja kwa dziko. Kabatire ka UPS pa kompyuta yokha, ngakhale sikangayendetse mpeni, kamapereka mphindi zingapo zotsekera mafayilo bwinobwino.

Tizolakwika timene timawononga katundu

Makina sakayikira nambala. Chimene mwalemba ndi chimene achite, ndiye zinthu zinayi izi muzizionetsetsa.

Mainchesi ndi mamilimita. Akalipentala athu amatchula matabwa ndi misomali m'mainchesi, pamene mapulani ambiri ali m'mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Fayilo ya mainchesi ikawerengedwa pansi pa G21, chinthucho chituluka chaching'ono kwambiri. Ya mamilimita ikawerengedwa pansi pa G20, lamulo la mainchesi, mpeni uthamangira kunja kwa tebulo. Lembani pa mzere woyamba wa fayilo iliyonse muyezo umene mwagwiritsa ntchito.

Kadontho. Pa makina ambiri a Fanuc, X10 yopanda kadontho ikhoza kumveka ngati 0.010 ya milimita. Lembani X10.0 nthawi zonse. Komanso laputopu yochokera ku South Africa imatha kulemba 620,5 m'malo mwa 620.5 chifukwa kumeneko amagwiritsa ntchito koma polekanitsa manambala otere, ndipo makina amaona manambala awiri pamene pali imodzi.

Fulashi. Makina ambiri amawerenga fulashi yokonzedwa mwa FAT32 yokha. Ndipo fulashi imene yazungulira m'mashopu oikitsa nyimbo ndi osindikiza mapepala imabwera ndi mavairasi obisa mafayilo. Ya makina ikhale ya makina okha.

Batire la memori. Makina akale ogulidwa kwa ena amasunga manambala a kayendedwe kawo m'memori yodalira kabatire. Pa makina ambiri kabatireko kamasinthidwa makina ali oyaka, apo ayi zonse zimafufutika. Tsiku limene makina afika, ntchito yoyamba ikhale yokopera manambala onsewo ndi kuwasunga malo awiri osiyana.

Pamwamba pa zonsezi, pulogalamu yabwino imafunsa isanadule. Ngati m'lifupi mwa nthiti mwalembedwa 9100.0 m'malo mwa 910.0, iime ndi kulira alamu. Mizere iwiri kapena itatu yoyesa ngati nambala ili pakati pa malire oyenera imapulumutsa thabwa, mpeni, mwinanso dzanja la munthu.

Kophunzirira kulipo

Boma la Zomba lili ndi zina mwa zofunika pa luso limeneli, kungoti zili pamalo osiyana. Ku Nasawa Technical College amaphunzitsa ntchito zamanja monga ukalipentala, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Ku University of Malawi, mumzinda wa Zomba momwemo, amaphunzitsa za makompyuta. Ku Blantyre, sukulu ya Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, inatsegula malo opangira zinthu zatsopano m'chaka cha 2016 mogwirizana ndi Rice University ya ku America, ndipo ophunzira amagwiritsa ntchito makina osindikiza zinthu a 3D, omwenso ambiri amamva G-code. Wodziwa matabwa ndi wodziwa makompyuta akufunika akhale pa benchi imodzi.

Kuyamba sikulira makina. LinuxCNC imatha kuyenda mongoyerekeza pa kompyuta yopanda makina aliwonse, n'kumaonetsa njira ya mpeni pa sikirini. Wophunzira akhoza kulemba pulogalamu ya mizere isanu ndi inayi ija, kuikamo ma variable, kuiuza kuti ilembe lipoti, ndi kutsegula lipotilo kuti aone ngati zili momwe amaganizira. Kusiyana kwakukulu kwa Fanuc, Siemens ndi Heidenhain n'kwa mayina a malamulo. Womvetsa njira yake pa makina amodzi sachedwa kuzolowera enawo.

Fayiloyo ndi ya ndani?

Nyanja ya Chilwa inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo inatsika kwambiri mu 2012 ndi 2018. Nthawi zoterezi maboti amakhala pamtunda, maoda amaima, ndipo amisiri ena amasamuka kapena kusintha ntchito. Miyezo imene imakhala m'mutu mwa munthu mmodzi imachoka naye limodzi. Ikalembedwa, imadikira madzi mpaka abwerere.

Koma kulemba kuli ndi mbali ina. Miyezo ikangolowa m'fayilo, kuikopera n'kosavuta, ndipo shopu ya m'tauni imene yadulira mmisiri nthiti kamodzi ikhoza kudulira ena boti lomwelo iye osadziwa. N'chifukwa chake mmisiri wopita ndi ntchito kwa eni makina agwirizane nawo poyamba kuti fayilo ya miyezo ndi yake, atenge kope lake pamodzi ndi lipoti la makina, ndipo likhale la malemba wamba loti atha kulitsegula pa foni kapena kupita nalo ku shopu ina.

Ndikupempha amisiri a kwa Mwambo kuti ayambe tsopano, makina asanafike pafupi. Gulani kope lolimba, ndipo boti lililonse, chitseko chilichonse, felemu iliyonse ikhale ndi tsamba lake: mzere umodzi chidutswa chimodzi, miyezo yonse m'mamilimita, tsiku ndi mtundu wa thabwa pamwamba. Mwana wanu amene akuphunzira kompyuta akhoza kusandutsa tsambalo kukhala fayilo madzulo amodzi. Mukadzafika kwa eni makina mudzafika ngati mwini pulani wodzalipira kudula kokha.